Kampope Kofiirira

Juni akafika ku Mzuzu
nkhungu imatsika phiri la Kaning'ina
ngati munthu wodzalonjerera ngongole.
Imandipeza ku Zolozolo ndisanatsegule shedi,
nkundikhala pachifuwa, nkumaimba likhweru.

Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikupala matabwa a ku Chikangawa.
Utuchi umene ndameza ungadzaze ngolo.
Tsiku lina mapapo anati:
a Msowoya, tagwira ganyu mokwanira, tilipireni.

Ku Mapale anati ndi mphumu,
nandipatsa timipope tiwiri.
Kabuluu ndinakakonda tsiku lomwelo,
ukangopopa, khomo la mpweya limatseguka pompo.
Kofiirirako ndinkakayesa kaulesi:
popa m'mawa, popa madzulo, osamva kanthu.
Ndinakaponya m'bokosi la misomali.

Chiukepo wa pa depoti anandikokera kuseri kwa minibasi,
nandifumbatitsa timapiritsi toyera m'kapepala.
Puledinisoloni, anatero, yemwe amapereka kuchipatala ukabanika,
uzingomwa, mizere ya ku Mapale uisiyire ena.
Ndinamwa miyezi itatu.
Mpweya unabwera, sindinama.
Nkhope inatupanso, anthu kutchalitchi nkumati
bizinesi yayenda, onani masayawo.
Usiku ludzu, kukodza kosatha, tulo osabwera,
ndipo pamene chizulo chinandicheka pachala
bala linakana kupola mpaka mwezi unatha.

Ndalama zitatha ndinangosiya, lero ndi lero.
Lachitatu lake miyendo inasanduka thonje,
ndinasanza, dziko linazungulira,
ndinagwa pambali pa chitseko cha munthu chosamaliza kupala.

Kuchipatala chachikulu, sisitala Nyakumwenda
sanandikalipire. Anandifunsa ntchito yanga.
Ndiye anati: mukakhoma denga,
mumatsika bwanji, mumalumpha?
Ndinati ayi, pamakwerero.
Mapiritsi awanso ndi choncho, anatero.
Thupi lili ndi kasupe wakewake wa mankhwala otere,
mukalitungira a kunja nthawi yaitali, kasupeyo amagona.
Potsika, phazi limodzi, kenako lina,
ndipo wokugwirirani makwerero ndi dokotala, osati Chiukepo.
Akakulemberani, ndi a masiku owerengeka,
m'mawa, mutadya kaye,
nambala yake imene ili m'buku lanu, osawonjezera,
osagawirako mnzanu chifukwa naye akutsokomola.

Nanga kofiirira kaja?
Anaseka. Inu akalipentala,
mankhwala a chiswe mumapaka liti,
mtanda utadyeka kale?

Madzulo amenewo ndinakhuthula misomali yonse pansi
kukafunafuna.

Tsopano tambala wa kwa a Mkandawire akalira
ndimakhala tsonga pamphepete pa bedi.
Ndimakakhutchumula, ndimakalowetsa kumbuyo kwa botolo
limene sisitala anandiboolera,
ndimatulutsa mpweya wonse,
kupopa kamodzi, kukoka pang'onopang'ono
ngati ndikutsata mzere wa pensulo ndi sowo,
nkugwira mpweya, kuwerenga mpaka khumi.
Kenako kachiwiri, monga analembera.
Ndikatha ndimachukucha m'kamwa, nkulavula m'ngalande,
pakuti ndinaonapo lilime langa litayera zilonda
nthawi ina pamene ndinachita ulesi.
Madzulo chimodzimodzi,
ngakhale tsiku limene chifuwa chili phee,
makamaka tsiku limenelo.

Kabuluu kamayenda nane m'thumba la ovolosi.
Ndikaona kuti ndikukaitana kawirikawiri
sindiwonjezera kanthu mwa ine ndekha,
ndimakwera kabaza, buku m'manja, kubwerera ku Mapale.

Dzulo nkhungu inabweranso, mwa masiku onse.
Inandipeza nditamanga kansalu pamphuno,
ndikupala mwendo wachinayi wa tebulo la sukulu.
Inaima pakhomo kanthawi.
Ndinaiuza kuti idikire, ndili pa ntchito.