Utsi wa Lolemba ku Punta Arenas

Loweruka madzulo ndinamanga bawuti lomaliza,
onse khumi, kuyambira pakati kumka kunja,
monga anandiphunzitsira bambo.
Gasiketi yatsopano inagona pakati pa mutu ndi thunthu la injini
ngati kalata mu envulopu.
Inali yanga yoyamba.
Sindinauze munthu kuti usiku umenewo tulo sitinabwere.

Lolemba, mphepo ya ku Magallanes ikumenya malata a galaja,
ndinapotoza kiyi.
Pikapu ya a Oyarzún inadzuka ikutsimphina,
gu, gu, zii, gu,
chiwongolero chikunjenjemera ngati galu wonyowa,
ndipo kumbuyo utsi woyera unangoti tolo,
mpaka nyumba ya kutsidya kwa msewu inasowa.

A Oyarzún anavula chipewa chawo chaubweya, n'kuchivalanso.
Ku Río Verde nkhosa mazana atatu zikudikira lumo,
ometa anafika dzana,
akudya nyama ya eni ake, manja ali m'thumba.

Bambo anga, a Eliodoro, ng'ala inawaphimba maso chaka chatha.
Amakhala pa mpando wakale wa basi, pafupi ndi mbaula ya palafini.
Sanadzuke.
Ximena, anatero, sipanala ikhale pansi.
Pita ukanunkhize kaye.

Ndinagwada pakamwa pa ekizozi.
Wabuluu ndi oyilo, wakuda ndi petulo wopyola muyezo,
zimenezi ndinazidziwa ndisanadziwe kuluka tsitsi.
Koma uwu unali woyera, wotsekemera m'mphuno
ngati shuga wopserera pansi pa poto.
Madzi a rediyeta.
Mtima unangoti myuu.

Usafulumire kudziweruza, anatero,
injini sinatenthe, tsegula chivindikiro. Thovu likutuluka?
Ayi, madzi angoti phee.
Solola ndodo ya oyilo. Waoneka ngati tiyi wamkaka?
Ayi, ali ngati uchi.
Masula mapulagi, uyale pa nyuzipepala motsatana.
Ilipo yoyera mbee ngati yachapidwa?
Palibe.
Koma yachiwiri ndi yachitatu zanyowa.

Anazitenga ndi zala zawo zokhakhala, anazifikitsa pamphuno,
kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wokumbukira zake.
Petulo uyu. Moto sukufika pa nthawi yake.
Tsatira mawaya kuchokera pa disitibyuta, uwerenge mokweza.

Wani, fili, folo, thu, ndiye lamulo lake.
Chala changa chinayenda pa labala wozizira:
wani, thu, folo, fili.
Ndinawerenganso, mwina chala chanama.
Sichiname.
Masiku awiri ndikuyeza mutu ndi lula wachitsulo,
ndikupala zotsalira mpaka pamwamba patang'anima,
n'kudzasokoneza mawaya awiri
pothamangira basi ya seveni koloko.

Ndinawasinthanitsa. Mphindi imodzi sinakwane.
Injini inalankhula mawu athunthu,
masilinda anayi akulandirana osapondana.
Koma utsi unalipobe.

Umenewo si wako, anatero bambo.
Gasiketi yakale yakhala ikutaya madzi miyezi ingati?
A Oyarzún anayang'ana nsapato zawo. Kuyambira Meyi.
Ndiye aunjikana m'ekizozi,
ngati chifuwa chotsala chimfine chitapita.
Kaithamangitseni itenthe.

Tinatenga msewu wa m'mbali mwa nyanja,
ine pa chiwongolero, diso limodzi pa singano ya kutentha,
lina pa galasi loonera m'mbuyo.
Mtambo unasanduka nsalu,
nsalu inasanduka ulusi,
ndipo titadutsa doko la asodzi a nkhanu
m'galasi munatsala msewu wokha ndi mitengo yopindidwa ndi mphepo.
A Oyarzún anayatsa wailesi.

Pobwerera, bambo anatimva tisanakhote pa ngodya.
Ndinawapeza ataima pakhomo, mutu atapendeketsa.
Ikayenda makilomita chikwi ibwere, udzamangenso mabawuti.
Anakhala chete, akumvetserabe.
Ndipo fanibeluti ikulira. Imeneyo sunaimve?