Pepala Limene Linasowa

Ndinafika pa windo lachinayi
dzuwa lisanatenthe malata a ku Kalingalinga,
pasipoti m'manja, kalata yondiitana kusukulu,
ndi zithunzi ziwiri zondionetsa ngati wakuba mbuzi.
Mayi Hamoonga ananyowetsa chala, natembenuza zonse.
"Lasowa limodzi. Inshuwalansi ya chipatala.
Akunja salembetsa popanda imeneyo."

Anandiuza m'chinenero chimene amayi amandikalipira nacho.
Ndinacheuka kufunafuna wakunjayo.
Kumbuyo kunali Ilunga wa ku Likasi akupukuta magalasi,
ndi mtsikana wina wogonera pa sutikesi.
Ine kwathu n'ku Mkanda,
kumene nkhuku zimakatola chakudya ku Zambia
n'kudzaikira mazira ku Malawi.
Koma chidindo sichimva chinenero.

Lachitatu, m'chipinda chozizira pa msewu wa Cairo,
anandipatsa masamba asanu ndi limodzi.
Chifuwa chachikulu? Ayi.
Shuga? Ayi.
Kuthamanga kwa magazi? Ayi, kupatula lero.
Mano sitilipira. Magalasi sitilipira.
Matenda amene unabwera nawo ndi ako, usunge wekha.
Mphumu yanga ya mu Juni
ndinaibisa kunsi kwa lilime
n'kuchonga pa Ayi.

Ndime yachikhumi ndi chinayi inali yaulemu kwambiri:
ukamwalira, kampani idzafikitsa thupi kwanu.
Lemba dzina la wodzalilandira.
Cholembera chinakana kuyenda.
Ndili moyo ndinabwera pa basi
thumba la mpunga la munthu wina lili pamaondo;
nditafa ndidzapita pa galimoto yangayanga.
Ndinalemba Esinala Kathewera, amayi,
ndipo zilembo zinapendama.

Mtengo wake ndinawauza usiku pafoni.
Makwacha awiri, dzina limodzi,
koma wakwathu akawoloka pa Mwami
amafota ngati chigwada padzuwa.
Mlongo wanga anangoti, "Chabwino,"
ndipo Loweruka makina ake osokera
anakwera njinga ya munthu wina.

Anandipatsa kakhadi kobiriwira.
N'kopepuka kuposa bobini.

Mu Epulo Ilunga anapindika pakati pa usiku,
dzanja kumanja kwa mimba, thukuta ngati wanyowa mvula.
Pa kauntala mtsikana anagogoda kompyuta ndi chikhadabo:
"Yake inatha masiku asanu ndi anayi apitawo."
Masiku asanu ndi anayi.
Ndinatulutsa yanga.
Anayang'ana chithunzi, nandiyang'ana, nayang'ana Ilunga,
ndipo sanaseke. Anangoibweza pang'onopang'ono.
Tinayenda chitseko ndi chitseko m'hositelo yonse
ndi chivundikiro cha poto:
Mubita anaponya ya sopo,
Nchimunya ya basi yopita kwawo ku Monze,
mlonda wa pageti ya fodya.
Palibe anatifunsa pasipoti.
Anamung'amba m'bandakucha. Ali moyo.
Amaonetsa chipsera kwa aliyense, ngakhale osafuna kuona.

Juni wafika ndi mphepo yake ya fumbi.
Chifuwa chikuimba mluzu ndikamawerenga.
Kampope ndagula ndekha ku Mtendere,
chifukwa papepala ndinalumbira kuti ndilibe chifuwa,
ndipo bodza limafuna kudyetsedwa mwezi ndi mwezi.

Kakhadi kali m'chikwama, kuseri kwa chiphaso cha laibulale.
Nthawi zina ndimakaika pakhutu
kumvera ngati makina aja akusokabe m'kati.

Dzulo amayi anaimba ndili pamzere wa minibasi.
Anafunsa za mayeso, za bulangeti, za nsapato,
kenako anati, "Nanga chija tinagula chodula chija,
chikugwira ntchito?"
Kondakitala ankakuwa za Kabwata.
Ndinati, "Sichinayambe, amayi.
Muzipemphera ndalama ija ipite pachabe."