Mutu Wachisanu

Ndinayamba mu Meyi, nkhungu itakhala pa Luwinga
ngati mlendo wosadziwa kutsazika.
Dokotala Luhanga anati: Sankha ndondomeko imodzi yokha,
uilondole monga umalondolera munthu wa ngongole yako,
kuchokera kumene inabadwira mpaka kumene imagona.

Ndinasankha ya nyumba za m'matsitso,
zija zakakamira m'mbali mwa zitunda ku Masasa
ngati nkhupakupa pa khutu la galu.
Papepala ndi yosalala: masamba makumi anayi ndi awiri,
chidindo, siginecha,
ndi lonjezo loti anthu adzasamutsidwa mwaulemu.

Ku ofesi ndinaipeza itapindidwa pakati,
ikuchirikiza mwendo wa tebulo la a Chavula.
Iwo anaseka: Musadabwe, mayi,
m'chipinda muno ndi yokhayi imene ikugwira ntchito.
Kenaka anati ndizimitse rekoda,
ndipo zonse zofunika ananena itazima.

Akuti inalembedwa mu hotela, masiku atatu,
pakati pa tiyi wa teni koloko ndi envulopu ya alawansi.
Wina anafufuta "liyenera" n'kulembapo "lingathe,"
ndipo m'kampata ka mawu awiriwo
munagwera mapuloti, msewu, ndi mpope wa madzi.

Funso lachisanu ndi chinayi: Kodi munafunsidwa maganizo?
NyaKayira anapukuta manja pachitenje,
nayang'ana fomu yanga monga amayang'anira nsomba ya dzana.
Ndiwe wachinayi, mwana wanga, kubwera ndi kachitsulo kako.
Woyamba anali ndi galimoto. Wachiwiri anatigulira mabanzi.
Wachitatu sindikumukumbuka nkhope.
Mawu athu mumakawasunga kuti, poti sabwerako?
Kabokosi ka "inde" ndi ka "ayi" tinangondiyang'ana.
Ndinalemba m'mphepete, ndi pensulo.

Anandionetsa mng'alu wa kuseri kwa nyumba
umene amauyeza ndi zala mvula ikamatha.
Chaka chatha zinalowa ziwiri. Chino likulowa dzanja.
Nawonso ali pa kafukufuku,
kungoti wawo alibe wochonga.

Wakabaza wonditsitsira ku Katoto, thukuta lili kamukamu,
anati: Lamulo lili ngati tcheni cha njinga yangayi.
Apamwamba amapalasa ndithu, sindikana,
koma chikaphotchoka
tayala la kumbuyo silidziwa kuti kuli ulendo.
Ine ndinawerenga mabuku khumi ndi awiri kuti ndimve zomwezo.
Iye anandilipiritsa za ulendo wokha.

Mu Novembala, nditatsala ndi ndime ziwiri,
wailesi ya mu minibasi inalengeza, pakati pa uthenga wa maliro ndi mpira,
kuti ndondomeko ija yayamba yaima, iunikidwanso.
Komiti yatsopano. Dzina latsopano, lotalikirapo.
Ndinathamangira ku Luwinga mapepala atanyowa m'khwapa.
Chinthu changa chafa, ndinatero ndili pakhomo.
Dokotala anapitiriza kusenda nthochi yawo:
Sichinafe, chafundula.
Tola chikopacho, ndiye mutu wako wachisanu.

Usiku uno magetsi azima ku Chibavi konse.
Ndikulemba ndi tochi ya foni, batire ili pa naini.
Ndapeza mawu okoma:
"mpata wa pakati pa cholembedwa ndi chochitika."
Akhala bwino patsamba, oyesa mayeso adzagwedeza mitu.
Koma mpatawo ine ndinauona.
Uli kuseri kwa nyumba ya njerwa zosawotcha,
pafupi ndi thandala la mbale,
ndipo umalowa dzanja la mayi wa ana asanu
amene m'buku langa ndamutcha Woyankha Nambala Seveni
kuti ndimuteteze.

Tsamba lomaliza likufuna malangizo opita ku boma.
Ndalemba wani, ndaika kadontho.
Padenga, mvula yayamba ndi timiyala tating'ono,
monga imayambira ikafuna kuchezera.