Wonong'oneza Mawu

Zaka makumi atatu ndinkakhala m'kabokosi
pansi pa nsanja, mumzinda wa Porto,
buku pamiyendo, kanyali kofiira pambali,
fumbi la nsapato za azisudzo likundigwera m'tsitsi.
Ntchito yanga inali kunong'ona.

Albano akafika paja mkazi wake amalongedza sutikesi,
mawu ankamuthawa.
Ankakanda khutu lakumanzere,
ine n'kumuponyera liwu limodzi ngati fupa,
iye n'kuliwakha anthu osadziwa.
Usiku wina tinasochera tonse awiri.
Holo yonse inangoti zii,
mayi wina kumbuyo n'kuyamba kusisima
poganiza kuti batalo linachita kulembedwa.

Lero sewero lomwelo alijambula kanema.
Ndagula tikiti ngati mlendo.
Mvula yake ndi yeniyeni,
si nsawawa zouma zija Graciete ankapukusa m'chitini.
Mnyamata wovala jekete la Albano
nkhope yake ndi yaikulu ngati chitseko cha tchalitchi,
ndipo saiwala.
Mawa sadzaiwala.
Ngakhale atamwalira sadzaiwala.

Pofika pa sutikesi paja
milomo yanga yayamba yokha.
Mtsikana wa pambali wandikhudza mkono:
"Mayi, chonde, tikumvetsera."

Ndatuluka magetsi asanayake.
M'nyumba yathu ya zisudzo pano amagulitsamo matiresi.
Ndaima pagalasi, kolala m'mwamba,
ndikuyeza ndi maso pamene panali kabokosi kanga.
Ndapapeza.
Pali bedi la anthu awiri, lotsitsidwa mtengo,
ndipo wogulitsa akukanda khutu,
sindikudziwa chimene waiwala.