Fomu ya Lachisanu ku Lizulu

Lachisanu ndimadzaza fomu.
Bokosi loyamba: ana angati abayidwa?
Lachiwiri: mabotolo angati atsala?
Palibe bokosi lofunsa za Anjelo,
wa miyezi isanu ndi inayi,
amene mayi ake anawoloka naye msewu m'mamawa,
akulambalala matumba a kachewere ndi milu ya kabichi,
kuchoka tsidya la metikali kudza tsidya la kwacha.

Kuno malire ndi phula basi.
Mbuzi imadya makoko ku Mozambiki
n'kudzabzikula ku Malawi.
Chikuku nacho sichidinditsa pasipoti.

Ndinatsegula furiji. Munali kuzizira kokha.
"Mubwerenso sabata yamawa, Anangozo."
Anamanganso mwana kumbuyo osayankha;
mawu amenewo anawamva kale mwezi watha,
pakamwa pomwepa.

Wailesi ikuti akuluakulu a mayiko akumana ku Jeneva,
agwirizana kuti mliri ukadzabukanso
tidzagawana mofanana.
Ndinaliwerenga pazala liwulo:
ti-dza-ga-wa-na.
Ka "dza" ndi kakang'ono,
koma m'menemo mwakwana maliro angati?

Mchemwali wanga Felesiya anaphunzira unamwino
ndi msonkho wa ogulitsa tomato omwewa.
Lero akutembenuza nkhalamba za ku Mangalande.
Sindimunena, ndiye anatifolerera nyumba ndi malata.
Akuti kumeneko mankhwala amatha masiku ali pashelefu,
ndipo galu wa bwana wake ali ndi dokotala wa mano.

Inu a m'chipinda chofunda,
sindikupempha chifundo.
Chifundo ndimachidziwa: chimabwera pagalimoto yoyera,
chimajambula zithunzi, chimatisiyira matisheti,
chimabwerera dzuwa lisanapendeke.
Ndikufunsa za kaphikidwe ka mankhwalawo,
kamene munakhomera m'kabati
makiyi n'kuika m'thumba la jekete.
Magazi a ana athu munadzatenga m'timabotolo,
anakwera ndege opanda viza,
anakakuuzani zonse za kachilomboko.
Chobwerako chake n'chimene chasochera njira.

Nkhungu yatsika kuchokera ku Chirobwe,
amsika akusonkha moto wa zipapaso m'mbali mwa msewu.
Pansi pa fomu pali malo a ndemanga,
kukula kwake ngati zala ziwiri.
Ndalembapo: Anjelo.
Akaifunsa ku likulu kuti ndi nambala yanji,
abwere adzamuone.

Lolemba ndikwera minibasi ya ku boma,
bokosi langa labuluu pamiyendo, lopepuka.
Kondakitala amalipiritsa ngati munthu.