Ndudu ya pa Siteshoni

Ndinkaswa miyala kuseri kwa ndende ya Harare
chaka chomwe dzombe linalalitsa minda ku Dedza.
Dzina langa, Lufeyo, linatsala m'buku la kalaliki;
pachifuwa anandisokera nambala.
Mlandu wake? Chitupa chinanyowa ndi mvula,
inki n'kusuluka, ine n'kusanduka munthu wopanda kwawo.

M'mamawa wina, chisanu cha Juni chikuluma zala,
anatitenga kukasesa pa siteshoni,
awiriawiri, mwendo kumwendo, ngati ng'ombe za pangolo.
Malizani wa ku Ntcheu anandigunda ndi chigongono:
"Taona, mbale."

Mzungu.
Mzungu weniweni, unyolo m'manja,
ndevu zosameta, khosi lofiira ngati la nkhukutembo,
atakhala pa bokosi, akudikira sitima ya kunyanja.
Tsache linandigwa.
Sindinkadziwa kuti chitsulo chimaluma khungu loyera.

Khukhi wa kwa bwanamkubwa wa ndende anatiuzapo usiku wina
kuti makolo awo ankalonga anthu awo omwe m'zombo,
wakuba buledi, wakuba mpango, mwana wotola khobidi,
n'kukawataya kutsidya, kumene madzi amathera.
Tinamuseka. Tinati khukhi waledzera ndi fungo la mphika.
Koma uyu ndi uyu apa.
Chikoti chisanafike kwa ife, chinayamba chalawa kwawo.

Komabe iye anali ndi nsapato.
Anam'patsa tiyi m'kapu ya chitsulo, ya shuga,
ife tikuponda njanji yozizira ndi mapazi ong'aluka.
Ngakhale m'dzenje, iye anali pamwamba.

Anandiyang'ana, n'kuika zala ziwiri pamlomo.
Ndinali ndi kachidutswa ka ndudu kuseri kwa khutu,
kotola m'ngalande, chuma changa chonse.
Mtima unakana. Dzanja silinamve.
Analandira ndi manja onse awiri, poti unyolo unatero,
ngati mwana wolera bwino.

Zikoti zisanu ndi chimodzi, madzulo ake,
atandigoneka pa benchi, nsalu ya mchere pamatako.
Malizani anandinena chitsiru mpaka tsiku lotuluka.

Lero ndimasoka nsapato pa Mbare,
pafupi ndi msewu womwe miyala yake ndinaswa ndine.
Makombi amauponda osafunsa.
Adzukulu amandiyankha m'Chishona,
amati sekuru akayamba za ndende sasiya.
Kwathu sindinabwerere; mtchona, amatero.
Nanga iye? Kaya anafika, kaya nsomba zinam'dya,
kaya anakalamba akusimba za munthu wakuda wa tsache.

Tonse anatinyamula ngati matumba,
wina pa chombo, wina pa lole ya mthandizi.
Zipsera zikayabwa nyengo ya chisanu
ndimadzifunsa ngati ndinalakwa.
Yankho silibwera.
Ndimangoyatsa ndudu, n'kusiyako kachidutswa,
n'kukabisa kuseri kwa khutu.