Kope la Eliodoro Woyendetsa Chikepe

Ku Valparaíso, pa phiri loyang'ana doko,
ndimakweza anthu ndi kuwatsitsa m'kabokosi kamatabwa
koyenda panjanji yopendekeka.
Mphindi ziwiri kukwera, mphindi ziwiri kutsika,
pakati pake kudikira.
M'kudikiramo ndi momwe ndimawerenga.

Pa 2 Januwale ndinagula kope lachikuto chobiriwira
kwa mayi Ulda, pangodya ya msika,
n'kulemba pamwamba: chaka chino mabuku makumi anayi.
Herminia anaseka mpaka kutsokomola.
"Iwe womagona pa tsamba lachitatu iwe?"

Loyamba linali la mlonda wa pachilumba
amene ankacheza ndi mbuzi yake.
Ndinalimaliza pa 9, mphepo ikununkha nsomba ndi dizilo.
Ndinalipatsa nyenyezi zitatu, kenaka ndinafufuta imodzi
chifukwa mbuziyo anangoipha popanda mlandu.

Febuluwale yense sindinalembe kanthu.
Sitima zazikulu zinakocheza, alendo ali piringupiringu,
uyu akufuna chithunzi, uyu akufuna chenji.

Lachinayi linamwa khofi wanga.
Lachisanu ndinabwereka kwa Nibaldo wokonza zingwe,
linabwera ndi zidindo za zala zake zagirizi,
moti ndinkadziwa pamene anapumira,
pamene anabwerera m'mbuyo,
ndi masamba asanu achikondi amene anawalumpha
oyera mbee.

Juni, mvula ikuwomba malata a mapiri onse,
agalu atadzipinda pansi pa masitepe,
ndinadya mabuku asanu ngati buledi wamoto.
Pambali pa lachisanu ndi chinayi ndinalemba:
wolemba uyu sanagonepo ndi njala.
Pambali pa lakhumi: ndinaiwala kutsegula chitseko,
mayi wina anagogoda galasi ndi ambulera.

Lakhumi ndi chitatu ndiye likundisowetsa mtendere.
Ogasiti, kuchipatala, bedi la pawindo.
Ndinkamuwerengera Herminia mokweza
nkhani ya munthu ndi mlongo wake olimbirana munda wamphesa.
Iye ankagona, ine osaleka.
Akadzidzimuka: "Bwerera pomwe amakumba chitsime paja."
Chitsime chimenecho tinachikumba kanayi.
Tinafika tsamba 212.
Tikiti ya chikepe idakali pomwepo,
yatulutsa khutu.

Buku lotere munthu amalilemba bwanji m'kope?
Theka?
Nanga wawerenga ndani, wapakamwa kapena wamakutu?
Ndinangolemba 13,
mzere wake n'kuusiya uli kukamwa yasa.

Seputembala, mbendera pakhonde lililonse, ana akuulutsa makaiti,
maso anga ankayenda pazilembo
ngati nyerere pagalasi, osatola kanthu.
Okutobala Nibaldo anandiponyera kabuku ka mbava za mahatchi,
kopusa, kothothoka chikuto.
Pa tsamba 40 ndinaseka ndekha m'kanyumba ka injini.
Ndinachita manyazi, ndinayang'ana uku ndi uku,
kenaka ndinanyambita chala
n'kutembenuza tsamba.

Lero ndi pa 31 Disembala.
Doko ladzaza mabwato odikira makombola a pakati pa usiku.
Mdzukulu wanga Maite akuti andiikire zonsezi mufoni,
yokha izindiwerengera masamba ndi masiku.
Ndamufunsa ngati foniyo imasunga banga la khofi.
Wandiyang'ana ngati ndayankhula chinenero cha m'sitima.
Tawerenga limodzi, chala chake chikutsika ndi mzere:
makumi awiri ndi limodzi.
"Agogo, apa mwaiwala kulemba dzina."
Sindinaiwale, mwanawe.

Makumi anayi sanakwane, Herminia,
seka, ukutsokomola bwanji tsopano?
Kope lina ndagula kale, lachikuto chofiira,
mayi Ulda akweza mtengo, akuti mapepala adula.
Pamwamba sindinalembe nambala.
Buku la munda wamphesa lili m'thumba la jekete,
likundigunda m'nthiti ndikamakwera masitepe.
Mawa anthu adzuka mochedwa, mitu ikuwawa,
chikepe chikhala chopanda munthu mpaka masana.
Ndiyambira pachitsime paja.